Tebulo la pool labwino limadziwika ndi za pansi pa nsalu

Matebulo a pool akakhala atsopano amaoneka ofanana. Nsalu ili yosalala bwino, m'mbali mukunyezimira, mipira idakali m'katoni. Wogulitsa akakuuzani kuti ili ndi la mtengo wakutiwakuti, ilo mtengo wake ndi wowirikiza katatu, maso okha sangakuuzeni chifukwa chake. Kusiyanako kwabisala m'zinthu zitatu: mwala umene uli pansi pa nsalu, felemu yonyamula mwalawo, ndi labala wa m'mbali amene amabweza mpira. Zitatuzi ndi zimene zimachititsa kuti tebulo likome kusewerapo, ndipo ndi zomwezo zimene zimanena ngati lidzafike zaka 20 kapena lidzathera m'dzinja lachiwiri. Nsalu, mipira ndi ndodo zikatha mumagula zina. Mwala ukakhala wokhota mulibenso chochita nawo.

Musanayambe kugogoda matabwa, dziwani kaye mtundu wa tebulo limene mukufuna, chifukwa ilipo mitundu iwiri ikuluikulu ndipo zipangizo zake sizibwerekana. Tebulo la ku Britain ndi limene ambirife tinazolowera m'mabala ndi m'matauni ang'onoang'ono a ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa: mipira yake ndi ya mainchi 2 (mamilimita pafupifupi 51), nthawi zambiri yofiira ndi yachikasu kuphatikizapo wakuda, ndipo woyera uja ndi wocheperako pang'ono, mamilimita pafupifupi 48. Tebulo la ku America lili ndi mipira yokulirapo, ya mamilimita 57, mabowo aakulu ndiponso ndodo za nsonga yonenepa. Ngakhale kutchula kukula kwake n'kosiyana. Tebulo la ku Britain lotchedwa la 7 fiti amaliyeza kunja. Malo osewerapo enieni ndi pafupifupi masentimita 183 mulitali ndi 91 mulifupi. La ku America la 7 fiti malo osewerapo ndi pafupifupi 198 ndi 99, pamene la 9 fiti, la pa mipikisano ikuluikulu, ndi 254 ndi 127. Tengani tepi yanu muyeze nokha, kuchokera pa nsonga ya labala mbali ino kukafika pa nsonga ya labala mbali inayo. Mulitali muyenera kukhala kawiri ka mulifupi ndendende. Zikapanda kutero, mpira wogunda m'mbali subwerera pamene wosewera wodziwa akuuyembekezera, ndipo vuto limeneli silichiritsika.

Tsopano mwala

Matebulo enieni amaikamo mwala wa sileti, womwe uja wa masileti amene ana asukulu akale ankalembapo. Mwalawu umang'ambika m'magome athyathyathya, umapalika mpaka kusalala kwambiri, ndipo sufufuma kukagwa mvula kapena kukhwinyata kukatentha. Kale matebulo ankakhala ndi matabwa pansi pa nsalu, ndipo ankapindika ndi nyengo. John Thurston wa ku London ndi amene anayamba kuikamo sileti cha m'ma 1826, ndipo kufikira lero palibe china chimene chaulanda malo pa matebulo a mipikisano. Wambiri umakumbidwa ku Liguria m'dziko la Italy, ku Minas Gerais m'dziko la Brazil, ndi ku China. Ogulitsa amakonda kutamanda wa ku Italy, koma kunena zoona dziko limene mwala wachokera silofunika kuposa mmene waupalira.

Bungwe loyang'anira masewerawa pa dziko lonse, World Pool-Billiard Association, limafuna mwala wochindikala inchi imodzi (mamilimita pafupifupi 25) kapena kuposapo, wosalala moti kuchokera mutu uno kukafika mutu winawo usakwere kapena kutsika kuposa theka la milimita. Theka la milimita pa mtunda woposa mamita awiri ndi theka! N'chifukwa chake mwala ndi umene umadya gawo lalikulu la ndalama zanu. Matebulo a m'mabala a mtundu wa ku Britain amakhala ndi mwala wopyapyalako, wa mamilimita 19 kapena pafupi ndi pamenepo, ndipo pa kukula kwawoko ndi wokwanira. Wopyapyala kuposa apo umafuna kuchirikizidwa kwambiri, apo ayi umagwa pakati pang'onopang'ono, komanso suchedwa kusweka pousamutsa.

Matebulo otchipa amaikamo MDF, lomwe ndi thabwa la utuchi wosalala wopanikizidwa ndi guluu. Likakhala latsopano limasewereka ndithu, ndipo ngati mukugulira ana kuti azisewera m'nyumba youma, ndalama n'zochepa, palibe cholakwa. Koma dziwani chimene mwagula. MDF limamwa chinyezi. Kwathu kuno mvula imayamba cha mu Novembala mpaka Epulo, ndipo matebulo ambiri amakhala pakhonde kapena pansi pa kashedi ka malata, pamene mphepo ya mvula imafika. Likanyowa limafufuma ngati buledi woviikidwa mu tiyi, ndipo likauma silibwereranso mwakale. Botolo limodzi la mowa lotayikira pa nsalu likhoza kusiya kachitunda kamene kadzapatutsa mpira uliwonse wodutsapo. Pa malo a bizinesi, pamene tebulo limagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka usiku, kugula la MDF n'kutaya ndalama.

Palinso matebulo opangidwa ndi amisiri a m'dera mwathu, ena aluso kwambiri, amene amaikamo miyala ina yosalazidwa kapena simenti yoponyedwa m'chikombole. Musawakane chifukwa cha dzina la mwalawo ayi, komanso musawavomere chifukwa choti ndi olemera. Funso ndi limodzi: kodi ndi wosalala paliponse? Simenti imavuta kuisalaza kufika pa mlingo umene mpira woyenda pang'onopang'ono umafuna, ndipo ikang'aluka imayamba kufumbutuka pansi pa nsalu.

Kuti mudziwe chimene chili m'katimo, gwadani muyang'ane kunsi kwa tebulo ndi tochi, kapena pemphani wogulitsa atsegule. Mwala wa sileti ndi wotuwa moderako, umazizira mukaukhudza, ndipo mukaugogoda ndi chala umamveka gwa! osati phwa phwa wa thabwa. Yesaninso kunyamula ngodya imodzi. Mwala wokha wa tebulo la 7 fiti umalemera pafupifupi makilogalamu 100, tebulo lonse limaposa 200. Ngati mwalitukula ndi dzanja limodzi, mulibe mwala mmenemo.

Kenako tengani mpira. Musaumenye mwamphamvu, mpira wothamanga umadutsa pa zolakwika zonse osaonetsa kanthu. Ukankheni pang'ono chabe motsatira m'mbali, pafupi ndi labala koma osamukhudza, muuyang'anitsitse pamene ukutha mphamvu. M'masentimita omalizirawo ndi mmene tebulo limaululira zinsinsi zake. Ukapatuka, onani kumene wapatukira. Chitani chimodzimodzi mbali zonse zinayi, kenako mopingasa kuchokera pa ngodya kupita pa ngodya. Mipira yonse ikamatsetserekera mbali imodzi, vuto ndi laling'ono: tebulo langopendekeka, ndipo miyendo ikhoza kukonzedwa. Koma ikamathamangira pakati kuchokera mbali zonse, kapena kuthawa pakati kupita m'mbali, ndiye kuti mwala kapena felemu yapindika. Limenelo lisiyeni, ngakhale atakutsitsirani mtengo motani.

Mwala umabwera wathunthu kapena wodulidwa patatu. Matebulo a m'mabala amakhala ndi wathunthu, ndipo ubwino wake ndi woti palibe msoko woti n'kutseguka. Mukafuna kusintha nsalu mumangochotsa felemu yapamwamba n'kuutulutsa. Matebulo aakulu amakhala ndi wa zigawo zitatu, chifukwa wathunthu wa 9 fiti sungalowe pakhomo mosavuta, komanso chigawo chilichonse chimatha kuwongoledwa pachokha polowetsa timatabwa topyapyala kunsi kwake. Mmisiri amamata misoko iwiri ija ndi phula la njuchi losungunula kapena phala lolimba lomatira, n'kupala mpaka chala chisamve polumikizira. Apa pali chinthu chimene anthu a kumalo otentha, monga ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja, ayenera kufunsa: phula limafewa kukatentha kwambiri, choncho tebulo lokhala pansi pa malata opanda siling'i ndi bwino kulimata ndi cholimba. Tebulo la zigawo zitatu limasewereka bwino zedi ngati womanga wake akuidziwa ntchito. Ngati kudera kwanu kulibe munthu woteroyo, la mwala wathunthu lidzakupatsani mtendere.

Mwala wabwino pa felemu yofooka n'chimodzimodzi mwala woipa, chifukwa sileti, ngakhale ndi mwala, imatsatira chimene yagonapo. Mukadali chigwadire ndi tochi ija, werengani mitanda yodutsa kunsi kwa mwala. Iyenera kukhala ingapo, yochindikala, yogwira mwalawo pakati pomwe, osati m'mphepete mokha. Onaninso zolumikizira: mabawuti odutsa m'zitsulo kapena m'matabwa olimba ndi abwino, timisomali ndi masikuluwu olowa m'thabwa la utuchi amakhwefuka tebulo likangokokedwa kawiri katatu. Tsamirani tebulo ndi chiuno monga amachitira osewera. Mpira umene uli pa nsalu usagwedezeke. Ngati ndi la matabwa a konkuno, funsani ngati anauma mokwanira. Mlombwa wouma bwino ndi thabwa lodalirika ndipo chiswe sichiukonda, koma thabwa lililonse laliwisi limapotoka pouma, n'kupotoza ndi mwala womwe. Miyendo ikhale ndi zopondera zozungulira zokweza ndi kutsitsa. Pansi pa simenti pa nyumba zathu zambiri si posalala, ndipo njira ija yoika makatoni a mowa opindapinda kunsi kwa mwendo imagwira sabata imodzi yokha.

Labala wa m'mbali

Pa zitatu zija, labala ndi amene amakalamba msanga, ndipo ndi amene osewera amamumva poyamba. Labala woyamba kuikidwa pa matebulo m'zaka za m'ma 1830 ankauma gwa kukazizira n'kufewa kukatentha, moti ku England ankachita kumufunditsa ndi ziwiya za madzi otentha masewera asanayambe. Zinasintha Charles Goodyear atapeza njira yophika labala ndi sulufule, imene analembetsa mu 1844. Chaka chotsatira Thurston uja anayamba kuigwiritsa ntchito pa matebulo. Koma ngakhale wa masiku ano amaopa dzuwa. Tebulo limene limawombedwa ndi dzuwa la mu Okutobala masana alionse, labala wake amauma n'kuyamba kung'aluka. Labala wotchipa, wosakaniza ndi zinthu zambiri zongowonjezera kulemera, amafa msanga kuposa wachilengedwe.

Kumuyesa n'kosavuta. Yendani mozungulira tebulo mukutsina labala ndi chala chachikulu, mpata uliwonse wa chikhatho. Azilowa pang'ono n'kubwerera msanga, mofanana paliponse. Pamene pali polimba ngati thabwa, kapena pofewa mopanda mphamvu, pafa. Kenako menyani mpira molunjika m'mbali, mumvetsere. Labala wamoyo salira kwambiri ndipo mpira umabwerera ndi liwiro. Mukamva kuti thi! mpira n'kuima pafupi pomwepo, mwina labala wamatuka pa thabwa lake, mwina mabawuti a m'mbali ndi okhwefuka. Vuto lachiwirili ndi la sipanala chabe, choncho yambani mwamanga mabawutiwo musanaweruze. Malamulo a bungwe lija amati mpira womenyedwa mwamphamvu ndithu motsata utali wa tebulo uziyenda maulendo anayi kapena anayi ndi theka osadumpha. Tebulo la pa bala la nsalu yokhuthala mwina silingafike pamenepo, koma likalephera ngakhale atatu, pali chimene chalakwika.

Kutalika kwa nsonga ya labala kuchokera pa nsalu n'kofunikanso kwambiri, ngakhale ambiri sakuganizirako. Nsongayo iyenera kukhudza mpira pamwamba pang'ono pa pakati pake. Mlingo wa pa mipikisano ndi 63.5 peresenti ya kukula kwa mpira. Ikatsika, mpira umadumpha ukagunda m'mbali, nthawi zina mpaka kugwera pansi. Ikakwera, mpira umapanikizidwira pa nsalu, umataya mphamvu, ndipo m'mbali monse mumapangika kanjira kotuwa. Apa ndi pamene pamaonekera kuipa kosakaniza zipangizo. Munthu akataya mipira ya tebulo la ku Britain n'kugula ikuluikulu ya ku America chifukwa ndi imene waipeza m'sitolo, labala uja amakhala wotsika kwa mipirayo, mabowo amachepa, ndipo aliyense amayamba kunena kuti tebulo lawonongeka pamene lili bwinobwino.

Mabowo nawo amasintha masewera. A tebulo la ku Britain ndi aang'ono, milomo yake yozungulira, ndipo mpira woyenda motsatira m'mbali amaulavula mosavuta. A ku America milomo yake ndi yodulidwa mowongoka. Pa mipikisano bowo la pa ngodya limakhala la mainchi 4.5 kapena kuposapo pang'ono. Opanga ena amakulitsa mabowo dala kuti gemu izitha msanga, matokeni azilowa ambiri. Mwini bala akhoza kukondwera nazo, koma achinyamata amene akufuna kukapikisana ndi anzawo kwina amazolowera zofewa, ndipo osewera odziwa amasamukira pa tebulo la mnzanu. Ine ndingasankhe mabowo a mlingo wake. Chachikulu n'choti onse anayi a pa ngodya akhale ofanana, ndipo zimenezi tepi ija ikuuzani.

Za nsalu sindichulutsa, poti ndi chinthu chosinthika. Ilipo ya ubweya wogonera mbali imodzi, monga Strachan 6811 ya ku Stroud kapena za Hainsworth za ku Yorkshire, imene imaikidwa pa matebulo a ku Britain. Mukaisisita ndi dzanja kuchokera kumene mumayambira gemu kupita kumene mumasanja mipira imamveka yosalala, mukabwerera imakanda. Imafuna burashi tsiku ndi tsiku, molowera mbali yomweyo, ndipo nthawi zina simbi yofunda. Inayo ndi yolukidwa mothina yopanda ubweya woimirira, monga Simonis 860 ya ku Belgium, imene ndi ubweya wa nkhosa 90 peresenti ndi nayiloni 10 peresenti. Iyi mpira umathamangapo kwambiri ndipo sisunga fumbi lochuluka, chinthu chothandiza m'miyezi ya fumbi ija ya Ogasiti mpaka Okutobala. Chimene muyenera kupewa ndi nsalu yotchipa imene imatulutsa timinyololo ta ubweya pakangotha milungu yochepa. Ndipo nsalu iliyonse ikhale yokokedwa zolimba: kanikizani chikhatho pa nsalu n'kuyesa kuipotoza; ikachita makwinya, woikayo sanakoke. Fumbi ndi choko zikalowa m'nsalu zimaipala kuchokera m'kati, choncho chovundikira tebulo usiku n'chotchipa kuposa nsalu yatsopano.

Mipira ndi imene imateteza kapena kuwononga nsaluyo. Yabwino ndi ya pulasitiki wolimba kwambiri wotchedwa phenolic resin, monga ya Aramith imene kampani ya Saluc imapanga ku Belgium. Yotchipa ya poliyesitala imakalika msanga, ndipo mpira wokalika umasiya madontho oyera pa nsalu paliponse pamene wamenyedwa mwamphamvu. Ambiri amaumira pa mipira n'kumadabwa kuti nsalu ikutha bwanji msanga chotere.

Ngati tebulo ndi la bizinesi, tsegulani chitseko cha m'mbali muone njira za mipira. Ponyani mpira m'bowo lililonse mwa asanu ndi limodzi aja, umodziumodzi, mumvetsere ukuyenda mpaka utafika. Pasakhale pamene ukuima. Woyera azitulukira kwake nthawi zonse. Pa matebulo a ku Britain amasiyanitsidwa ndi inzake chifukwa cha kuchepa kwake kuja, amagwera pa mpata umene ina singakwane. Ndiye woyera akasowa, wolowa m'malo mwake akhale wa saizi yomweyo, apo ayi azikatsekeredwa pamodzi ndi inzake ndipo muzikhalira kutsegula ndi kiyi pakati pa gemu. Makina olandira tokeni okankha ndi dzanja ndi abwino kuposa a batire kapena a magetsi: sasamala kuti magetsi azima, ndipo akavuta, mmisiri wa maloko pamsika akhoza kuwakonza. Funsaninso ngati labala, nsalu ndi zitsulo za makinawo zimapezeka pafupi, kapena mpaka wina apite ku Johannesburg.

Pali cholakwa china chimene chimachitika tebulo lisanafike n'komwe: kuyeza chipinda ndi kukula kwa tebulo m'malo moyeza ndi ndodo. Ndodo ya pool ndi yotalika pafupifupi masentimita 145, ndipo mpira ukagona pa labala, ndodo yonseyo imakhala kunja kwa tebulo. Choncho tengani malo osewerapo muwonjezere ndodo mbali ino ndi ndodo mbali inayo. Tebulo la ku Britain la 7 fiti limafuna chipinda cha mamita osachepera 4.7 ndi 3.8, la ku America la 9 fiti limafuna 5.5 ndi 4.2, ndipo apa sitinawerengere mpata wobwezera ndodo m'mbuyo kapena mipando ya oonerera. Tebulo laling'ono m'chipinda chokwanira limaposa lalikulu limene mbali imodzi mumasewera mutaimika ndodo m'mwamba poopa khoma.

Nanga la kaunjika, logwirapo kale ntchito? Nthawi zambiri ndi limene lili ndi phindu. Tebulo lakale la mwala wa sileti ndi felemu yolimba, lokhala ndi nsalu yong'ambika ndi labala wakufa, limaposa latsopano la MDF la mtengo womwewo, chifukwa zowonongekazo ndi zosinthika. Musachite mantha ndi maonekedwe. Gwiritsani ntchito nsalu yong'ambikayo potsitsa mtengo. Koma uzani mwiniwake kuti mukufuna kuona mwala uli wosavala, makamaka pozungulira mabowo pamene umakhala wopyapyala ndipo ming'alu imayambira. Kabowo kakang'ono kobenthuka kamamatika. Mng'alu wodutsa mbali ina kukafika ina ndi nkhani ina. Onaninso kunsi kwa miyendo ndi m'makona a bokosi, pamene madzi okolopera ndi chiswe zimayambira ntchito.

Mukagwirizana mtengo, musalole kuti anyamata alikweze lathunthu pa galimoto. Mwala uchotsedwe, unyamulidwe choimika cham'mbali, womangidwa bwino pakati pa matabwa ndi mabulangete. Wogonekedwa chathyathyathya pa msewu wa mabampu umasweka ndi kulemera kwake komwe. Likafika, liikeni pamalo pamene lidzakhale, kutali ndi dzuwa ndi podontha, muliwongole ndi levulo ndi mpira woyenda pang'onopang'ono uja. Pakapita milungu iwiri kapena itatu mudzayezenso, chifukwa matabwa ndi miyendo zimakhala zikukhazikika pansi pa kulemera kwa mwala, ndipo kawirikawiri mwendo umodzi umafuna kupotokolanso pang'ono.